Ola Limene Wotchi Anasunga

Chipinda chimene Wotchi ankachita lendi chinali pamwamba pa shopu ya telala. Munali matebulo awiri, makompyuta awiri, ketulo, batire lalikulu lodalira magetsi akathima, ndi kalendala yopachikidwa pa msomali pakati pa mawindo. Dzina loti Wotchi anam'patsa ndi mayi wa telala pansipo. Mayiyo ankati sasowa kuyang'ana nthawi m'mawa: akangomva nsapato pamasitepe, ndiye kuti 7:40 yakwana.

Ntchito ya Wotchi inali yogula ndi kugulitsa golide pa intaneti, golide amene sanamugwirepo ndi manja. Ankagula mtengo ukamaoneka kuti ukwera, n'kugulitsa pakapita mphindi kapena maola, ndipo faifi koloko madzulo isanakwane ankakhala atatseka zonse. Sankagona ndi katundu. Pa sikirini mtengowo unkayenda ngati timakandulo, tobiriwira ukamakwera, tofiira ukamatsika, ndipo iye ankatiyang'ana tsiku lonse monga mlonda ayang'anira geti.

Asanayambe zimenezi anagwira zaka khumi ndi ziwiri pa kampani ya madzi, kulemba miyezo ya mathanki ola ndi ola, ndipo khalidwe la kumeneko anabwera nalo. Akalowa ankapukuta sikirini, kuyesa intaneti, kuona ngati batire ladzaza, kenako n'kutsegula buku lachikuto chakuda. Pamwamba pa tsamba ankalemba deti, maola amene wagona ndi zimene wadya. Theka la ola loyamba sankagwira mausi. Akaluza kawiri motsatizana ankathimitsa kompyuta, ngakhale ikhale teni koloko m'mawa. Malonda aliwonse anali ndi mzere wake: nthawi yolowera, nthawi yotulukira, chifukwa chake, ndi kadanga kakumanja kolembamo zimene mtima unkanena panthawiyo. Mabuku oterewa anali khumi ndi anayi pa shelefu, a zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo munalibemo bodza ngakhale limodzi. Phindu lake linali ngati malipiro a kalaliki: lendi, fizi ya ana, chakudya, basi.

Tebulo lachiwirilo linali la mlamu wake, mlongo wamng'ono wa mkazi wake. Anabwera miyezi khumi ndi inayi yapitayo, kashopu kake ka mafoni katagwa. "Mumuphunzitseko, bambo, asamangokhala," anatero mkazi wa Wotchi, ndipo Wotchi anamuphunzitsadi, osabisa kanthu. Anamuonetsa kuika mpanda, mtengo umene kompyuta imatsekera yokha malonda akayamba kuluza. Anamugulira buku lake. Anakhazikitsanso lamulo lakuti Lachisanu lililonse folo koloko azisinthana mabuku, aliyense awerenge sabata ya mnzake ndi kulemba ndemanga imodzi pansi ndi cholembera chobiriwira.

Mlamuyo ankafika naini koloko itadutsa, ndi mtedza m'thumba. Makoko ankagwera pakati pa mabatani. Golide ankamutchula kuti dona wanga, ndipo ankamunyengerera mokweza.

"Kwera pang'ono, dona wanga, ndikugulira nsapato. Alamu, mwamuona? Wandimva."

"Wakumva golide kapena wakumva mwayi?"

"Onse ndi azibale anga."

M'buku lake, pa danga la chifukwa, nthawi zambiri ankangolemba kuti ndinamva choncho. Wotchi ankalemba ndi chobiriwira kuti chimenecho si chifukwa. Koma miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana mlamuyo anapeza zoposa za mphunzitsi wake, ndipo Wotchi ankadziwa kuchuluka kwake ndendende, poti ankawerenga yekha Lachisanu lililonse.

Kenako kunabwera nkhani ya mayeso. Panali kampani ina ya kunja yopereka mpamba kwa anthu a ntchitoyi. Munthu ankalipira, n'kupatsidwa akaunti yoyesera kwa masiku makumi atatu a malonda. Akakhoza, ankamupatsa akaunti ya madola zikwi zana limodzi, phindu n'kumagawana. Malamulo anali atatu. Loyamba, apindule magawo asanu ndi atatu pa zana masikuwo asanathe. Lachiwiri, asaluze magawo oposa asanu pa tsiku limodzi. Lachitatu, lipoti lalikulu la zachuma likamatuluka kutsidya kwa nyanja, asakhale ndi malonda otsegula, kuyambira mphindi ziwiri lisanatuluke mpaka mphindi ziwiri litatuluka, chifukwa panthawi imeneyo mtengo umalumpha ngati wamisala.

Wotchi analemba mayesowo katatu. Sanaswepo lamulo. Masiku ndi amene ankamuthera: koyamba ali pa magawo anayi, kachiwiri pa asanu, kachitatu pa asanu ndi limodzi. Mlamu wake anayamba ake Lolemba pa 3 Febuluwale, ndipo anali oti atha Lachisanu pa 14 Malichi. Pofika pa 7 Malichi anali pa magawo asanu ndi awiri. Kunatsala limodzi.

Lamulo lachitatulo mlamuyo sankalisunga yekha. Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse Wotchi ankalemba pa kalendala ya pakhoma, ndi cholembera chofiira, tsiku ndi nthawi ya lipoti lililonse. Kukatsala mphindi khumi ankagogoda tebulo kawiri n'kunena kuti, "Tseka." Mlamuyo anafufuta m'foni mwake pulogalamu yokumbutsa malipoti. Anati imamudyera malo a nyimbo, ndipo munthu wokhala ndi Wotchi wamoyo sagula ya batire.

Lamulungu pa 9 Malichi mlamuyo anabwera kudzadya kunyumba kwa mlongo wake. Anafika ndi thumba la shuga, mafuta ophikira ndi nsapato za ana. Mkazi wa Wotchi anazilandira ndi manja awiri, n'kuziika patebulo pomwe mwamuna wake ankawerengera nyuzi.

"Taonani, bambo. Mwana amene ndinkamubereka kumsana uyu."

"Ndaona."

"Ali ndi dzanja. Bambo athu ankanena kalekale kuti uyu akagwira mwala usanduka ndalama."

"Dzanja ndi la alamu awa, achemwali," anatero mlamuyo akutafuna. "Ine ndimangobwereka. Koma dikirani Lachisanu. Ndikakhoza ndikupeza ofesi ya makapeti, ya mphepo yozizira ija. Alamu ndiwatenga."

"Undigawira tebulo?" anafunsa Wotchi.

"Ndikulembani ntchito. Yondiuza nthawi. Mudzangokhala pakona ndi tayi, ikakwana n'kugogoda kawiri."

Mkazi wa Wotchi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu ya mbale. Wotchi nayenso anaseka, poti pachilamu munthu sakwiya. Koma anaika supuni pansi. Anawerenga mumtima: zaka zisanu ndi chimodzi, mabuku khumi ndi anayi, mayeso atatu olipira ndi ndalama za thukuta. Uyu miyezi khumi ndi inayi, makoko a mtedza, ndi ndinamva choncho. Nsapato za anazo zinali zabwino, ndipo zinawakwana bwinobwino. Chimenechonso chinamuwawa.

Lamulungu lomwelo, Lamulungu lachiwiri la Malichi, anthu a kutsidya anasuntha mawotchi awo ola limodzi kutsogolo, monga amachitira chaka chilichonse. Kuno mawotchi sasuntha. Choncho lipoti limene miyezi yapitayi linkafika 3:30 masana, tsopano linali loti lizifika 2:30. Wotchi ankadziwa zimenezi monga munthu adziwira tsiku lake lobadwa. Polemba kalendala kumayambiriro kwa mwezi ankatsata nthawi yakale, ndipo Lolemba lotsatira kusinthako ankadula ndi kulemba yatsopano. Anachita choncho zaka zisanu.

Lolemba pa 10 analowa 7:40, n'kupukuta sikirini, kuyesa intaneti, kuona batire. Anatenga cholembera chofiira n'kuima patsogolo pa kalendala. Pa bokosi la Lachitatu pa 12 panalembedwa ndi dzanja lake: Lipoti la mitengo ya zinthu, 3:30. Anavula chivindikiro cha cholemberacho. Maso ake anagwera pa tebulo la mlamu wake, pa kapu yosatsuka ya Lachisanu, pa mpando watsopano wozungulira umene mlamuyo anagula mwezi watha pamene iye ankakhalirabe wathabwa. Anaima pamenepo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Kenako anavindikira cholemberacho n'kuchibwezera m'kabati.

Sanadziuze kuti wachita choipa. Anadziuza kuti akonza mawa.

Lolemba mlamuyo analuza pang'ono. Lachiwiri anabweza. Madzulo ake anali pa magawo asanu ndi awiri omwe aja, ndipo kalendala inali chikhalire.

Lachitatu kunatentha. Pansi makina a telala ankalira osapuma, poti mayiyo anali ndi mayunifolomu a sukulu oti amalize. Wotchi anali ndi malonda amodzi ang'onoang'ono otsegula kuyambira 12:15. Mlamu wake anakhala m'mawa wonse osalowa, akuzungulira pa mpando wake, akuimba mluzu. Pa 2:05 anawongoka.

"Dona wadzuka. Alamu, taonani apa."

Wotchi anayang'ana. Panalibe cholakwika. Akanakhala iye, mwina akanalowanso pomwepo.

Mlamuyo anagula. Anaika mpanda pansi, n'kuikanso pamwamba mtengo woti kompyuta igulitsire yokha ukafika. Ukanafika pamenepo, gawo lotsalalo likanakwana ndi kupitirira. Anaimirira n'kusisita mutu.

"Ndikamete. Sindingalandire mpamba wa azungu ndi mutu ngati chitsamba. Ndibwera fili koloko, nditseke ngati sanafike." Analoza khoma ndi chibwano. "Nthawi ilipo, eti alamu?"

Wotchi sanatembenuke. "Kalendala ili pomwepo."

"Hafu pasiti fili. Ndimeta, ndidya, ndikwatiranso." Anatsika masitepe awiriawiri, ndipo Wotchi anamumva akusereula mayi wa telala kuti amusokere suti ya bwana.

Pa 2:20 Wotchi anatseka malonda ake. Dzanja lake lamanja linanyamuka lokha kuti ligogode tebulo, ndipo analigwira ndi lamanzere. Foni inali pambali pa buku. Kometera kunali nyumba ya chinayi kuchokera pa shopu, ulendo wa mphindi ziwiri. Kompyuta ya mlamuyo inali yoyaka, mausi ali poyera, ndipo batani lotsekera analidziwa, poti ndi iye anamuonetsa. Njira zinali zitatu, ndipo anaziwerenga zonse. Kenako anatsegula buku, chifukwa malonda akatsekedwa amalembedwa nthawi yomweyo. Analemba: 2:20, ndatseka, lipoti ndi 2:30. Anawonjezera: Sindinamuuze. Pa kadanga ka kumanja analemba mawu amodzi, monga ankachitira masiku onse, osaganiza za Lachisanu.

Anakokera mpando wake pafupi ndi sikirini ya mlamu wake.

Pa 2:30 kandulo yofiira inatsika ngati mwala woponyedwa m'chitsime. Inafika pafupi ndi mpanda, kutsala kachidutswa kosakwana chikhadabo. Wotchi anapeza kuti waimirira, ndipo milomo yake ikunena kuti gwa, gwa. Mtengowo unaima. Unatembenuka. Kandulo yomweyo inasanduka yobiriwira n'kukwera kudutsa pamene inayambira, kudutsa mzere wa m'mawa, ndipo pa 2:31 kompyuta inalira kamodzi n'kugulitsa. Pakona pa sikirini panalembedwa magawo asanu ndi atatu ndi theka.

Wotchi anakhala pansi. Ngakhale mbuna imene munthu wamukumbira, uyu amaigwera n'kupezamo ndalama. Kwa kanthawi mkwiyo unamutseka maso, moti anaiwala zimene ankadziwa bwino. Kenako anakumbukira lamulo lachitatu. Lamulolo silinkafunsa ngati wapindula kapena waluza. Linkangofunsa ngati malonda anali otsegula. Anamva kukoma kwina kukutsika pachifuwa, ngati madzi ozizira, ndipo anachita nako manyazi, koma sanakulavule.

Mlamuyo anabwera 2:55, mutu ukuwala, akununkhira sipiriti wa kometera. Anayang'ana sikirini n'kugwira pakamwa. Anagwada pansi n'kupsompsona mwendo wa tebulo.

"Dona wanga. Alamu, mwaona? Ndatha. Masiku awiri atsala, ine ndatha."

"Ndaona."

"Wakwera bwanji chonchi?"

"Golide ndi golide."

Mlamuyo sanadikire 3:30 kuti aone ngati lipoti lituluka. Anathimitsa kompyuta n'kuthamangira kwa mlongo wake. Madzulo amenewo kunyumba kunaphedwa nkhuku. Mkazi wa Wotchi anaika ntchafu m'mbale ya mlongo wake, ina m'mbale ya mwamuna wake.

"Iyi ndi ya aphunzitsi," anatero. "Musamaiwale amene anakuonetsani njira, inu a bwana atsopano."

"Ndingaiwale alamu? Tayi wawo ndagula kale mumtima."

Wotchi anadya ntchafuyo yonse, mpaka kuphwanya fupa.

Lachinayi mlamuyo sanagule kanthu. Anakhala akutsegula ndi kutseka imelo, akuyang'ana zithunzi za maofesi a lendi, akufunsa Wotchi ngati kapeti yabuluu imaonetsa fumbi. Wotchi analuza kawiri motsatizana isanakwane leveni koloko, n'kuthimitsa kompyuta monga mwa lamulo lake. Anakhala maola otsalawo manja ali pamiyendo.

Imelo inafika Lachisanu pa 9:40. Mlamuyo anaiwerenga kawiri chamumtima, kachitatu mokweza. Kampaniyo inkamuthokoza chifukwa choyesa. Inkanena kuti Lachitatu pa 12 Malichi anali ndi malonda otsegula panthawi ya lipoti la mitengo, kuti zimenezi n'zosemphana ndi lamulo lachitatu, ndipo akauntiyo yatsekedwa. Akafuna atha kulipiranso n'kuyambira pachiyambi.

"Akuba awa," anatero mlamuyo motsitsa mawu. "Ine ndinatuluka 2:31. Lipoti linali 3:30. Ola lathunthu. Alamu, tiwalembere. Inu mumadziwa chizungu cha maloya."

"Lipoti linali 2:30."

"Apo palembedwa chiyani?"

"Kutsidya anasintha mawotchi Lamulungu. Zonse zabwera msanga ndi ola limodzi."

Mlamuyo anayenda mpaka pa kalendala. Anaika chala pa bokosi la Lachitatu, n'kukhala chiyang'anire manambala ofiirawo. Wotchi anadikira funso. Anali atakonzeka kuliyankha, kapena ankaganiza choncho. Koma mlamuyo atatembenuka, nkhope yake inali ya munthu amene waona zodabwitsa pamaliro.

"Ndiye kuti munaiwala? Inuyo?" Anaseka kaphwete kopanda mphamvu. "Wotchi waiwala nthawi. Ndikauza amayi a pansiwa sakhulupirira." Anabwera n'kumugwira paphewa. "Musadandaule, alamu. Chakudza sichiimba ng'oma. Zaka zonsezi simunaphonyepo, lero lokha ndikuimbeni mlandu? Nanenso ndine chitsiru, ndikanayang'ana ndekha. Taonani nkhope yanu. Mwakhumudwa kuposa ine mwini maliro."

Anawiritsa madzi, n'kumupangira Wotchi tiyi wopanda shuga, monga ankamwera.

Khomo lothawira linali lotsegula, ndipo analitsegula ndi mlamuyo. Wotchi akanangokhala chete, nkhaniyo ikanathera pomwepo: munthu wamkulu anaiwala, banja likanaseka chaka chimodzi n'kuiwalanso. Koma linali Lachisanu, ndipo folo koloko inali kubwera.

Masana mlamuyo atatsika kukagula buledi, Wotchi anatsegula buku lake pa tsamba la Lachitatu. Zonse zinali pomwepo, m'zilembo zake zoongoka za pa kampani ya madzi. Anatembenuzira mmbuyo. Pa tsamba la Lolemba, pansi pa maola ogona, panali mzere wina: Kalendala sindinakonze. Sankakumbukira n'komwe kuti anaulemba. M'kabati munali lezala ndi rula. Akanatha kudula masamba atatuwo bwinobwino n'kulemba ena, ntchito ya mphindi makumi awiri. Akanathanso kunena kuti lero si tsiku losinthana mabuku, poti pagwa zovuta, ndipo palibe akanatsutsa.

Anatulutsa lezalayo n'kuiika pamsoko wa buku. Anayang'ana pa shelefu. Mlamu wake anali ndi dzanja, anali ndi mwayi, anali ndi kuseka kumene kumachititsa mlongo wake kupukuta misozi. Iye anali ndi mabuku khumi ndi anayi opanda bodza, ndi ili lakhumi ndi chisanu. Akadula tsamba limodzi, onsewo asanduka mapepala okulungira nsomba. Anabweza lezala m'kabati, pambali pa cholembera chofiira.

Folo koloko itakwana anagogoda tebulo kawiri.

"Mabuku."

"Lero lomwe? Alamu, mulibe chisoni."

"Lachisanu ndi Lachisanu."

Anasinthana. Buku la mlamuyo linali ndi mizere isanu yokha sabata yonse. Pa Lachitatu panalembedwa kuti dona wadzuka, ndi chithunzi cha galimoto chojambula pamanja. Wotchi anayang'ana galimotoyo osaiona. Makutu ake anali ku tebulo linalo. Anamva tsamba la Lolemba likutembenuzidwa msanga, kenako likubwezedwa. Anamva mpando wozungulira uja ukusiya kulira. Tsamba la Lachiwiri. Tsamba la Lachitatu. Pansi makina a telala anaima, n'kuyambanso.

Mlamuyo anawerenga nthawi yaitali kuposa imene mizere inayi imafuna. Sanadzutse mutu.

"Mawu awa a kumanjawa," anatero. "Nsanje. Ndi a ine?"

"Ndi a iwe."

"Kuyambira liti?"

"Seputembala. Sabata yachiwiri."

"Mpaka deti mukulidziwa."

"Lili m'buku la khumi ndi chinayi. Unaliwerenga, koma kumanja sunkayang'anako."

Mlamuyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuvomereza mtengo wa chinthu pamsika. Anatenga cholembera chobiriwira, n'kulemba pansi pa tsamba la Lachisanu, n'kutseka bukulo, n'kuliika pa tebulo la Wotchi molunjika bwino ndi m'mphepete. Anavala jekete.

"Achemwali sindiwauza," anatero ali pakhomo. "Muwauze nokha. Nthawi yake mukuidziwa ndinu."

Anatsika masitepe limodzilimodzi. Wotchi anatsegula buku. Ndemanga inali yomwe mlamuyo ankalemba Lachisanu lililonse kwa miyezi khumi ndi inayi, poti sankapeza china cholemba: Malamulo onse asungidwa.

Wotchi anauza mkazi wake Loweruka m'mawa, ana atapita kukasewera. Anamuuza mwadongosolo, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndi nthawi zake. Mayiyo anamvetsera akusita malaya a sukulu. Wotchi atamaliza, mayiyo anafunsa funso limodzi lokha.

"Ntchafu ija munaimeza bwanji?"

Mayiyo anapitiriza kusita kolala imene inali itawongoka kale.

Lolemba pa 17 Malichi Wotchi anafika 7:40. Mayi wa telala anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Lero mwandisokoneza, a Wotchi. Ndamva nsapato 7:25, ndimayesa wotchi yanga yafa."

Chitseko cha pamwamba chinali chotsegula. Mlamu wake anali atakhala kale. Kapu inali yotsuka, ndipo pakati pa mabatani panalibe khoko ngakhale limodzi. Pakhoma la mbali yake panali msomali watsopano ndi kalendala yatsopano, yolembedwa ndi dzanja lake mpaka kumapeto kwa Epulo, nthawi zonse zolondola. Patsogolo pake panali buku latsopano, ndipo pamwamba pa tsamba loyamba panali deti, maola ogona, ndi zimene wadya.

"Mwadzuka bwanji, alamu," anatero mlamuyo, ndi ulemu wonse umene munthu amapereka kwa mlendo wa mu basi.

"Ndadzuka. Kaya iwe."

"Ndadzuka, zikomo. Ndalipiranso mayeso aja. Ndagulitsa mpando." Anali atakhaliradi mpando wathabwa. "Ndiyamba lero. Atha pa 25 Epulo, mwina kupitirira pang'ono ngati msika utseka pa tchuthi. Ndawerenga."

Wotchi anawerenga nayenso mumtima, ndipo anapeza kuti n'zoona.

Anapukuta sikirini, kuyesa intaneti, kuona batire. Theka la ola loyamba onse awiri anakhala manja ali pamiyendo. Palibe anaimba mluzu, palibe anaitana dona. Chapakati pa m'mawa mlamuyo analowa kamodzi, n'kutuluka ndi phindu, ndipo Wotchi anamuona akulemba chifukwa chake mizere itatu yathunthu. Dzanja lija linalipobe. Mwayi uja unalipobe. Chimene mnyamatayu analibe chinali chimodzi chokha, chimene Wotchi analephera kumulowetsa m'mutu ndi cholembera chobiriwira kwa miyezi khumi ndi inayi, ndipo tsopano anam'patsa ndi ola limodzi la kukhala chete. Panalibenso chomulepheretsa kukhoza.

Tsiku limenelo kunalinso lipoti lina la 2:30. Pa 2:19 Wotchi anakweza dzanja pamwamba pa tebulo, zala zitapindika. Asanagogode, foni ya mlamu wake inalira. Mlamuyo anaizimitsa, n'kutseka malonda ake, n'kulemba nthawi m'buku.

Wotchi anatsitsa dzanjalo pang'onopang'ono. Anatseka akenso, n'kulemba 2:20. Pa kadanga ka kumanja analemba mawu omwe aja.